Kabokosi kosankhira madepoti angapo mu Dynamics 365: zosankhidwazo muzisunga kuti?

Funso: Ndimakonza mapulogalamu pa kampani ina yogulitsa katundu pa hoselo, ndipo timagwiritsa ntchito Dynamics 365 Finance and Operations. Tili ndi madepoti ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Abwana akufuna kuti pa fomu ya kasitomala pakhale kabokosi kosankhira madepoti angapo omwe kasitomalayo amaloledwa kutengako katundu. Ndawonjezera kale field ya malemba, ya zilembo 60, pa CustTable, tebulo la makasitomala, kuti ndizisungamo zinthu ngati "LL01;BT02;MZ01". Vuto ndi lakuti lookup wamba, kamndandanda kotseguka pa kabokosi koti munthu asankhepo, ikungolola kusankha chimodzi. Ndipange bwanji?

Yankho: Achimwene, kabokosi mukufunako kalipo kale, Microsoft anakapanga kalekale, ndipo kukaika pa fomu sikungakutengereni ola lathunthu. Chimene chandiimitsa m'funso lanu ndi field ya zilembo 60 ija. Tiyamba ndi kabokosiko poti ndi kamene mwafunsa, koma dziwiranitu kuti tikamafika kumapeto ndikupemphani kuti field imeneyo muichotse.

Class imene ikugwirireni ntchitoyi ndi SysLookupMultiSelectCtrl. Inabwera ndi AX 2012, mtundu wakale wa pulogalamu yomweyi, ndipo mu Dynamics 365 ikadalipo. Amene anagwirapo AX 2012 angakumbukire fomu yophunzitsira ija, tutorial_LookupMultiSelectGrid, yomwe ambirife tinakoperako code yathu yoyamba. Class imeneyi imafuna kuti muipatse kabokosi ka malemba ka pa fomu kosamangirizidwa ku field iliyonse ya tebulo, query yonena mizere yoti munthu asankhepo, komanso dzina la field yomwe izionekera m'kabokosimo munthu akasankha. Popeza kuyambira mu 2018 code ya Microsoft inatsekedwa, sitingaikhudzenso mwachindunji, zonsezi muzichitira mu extension. Wonjezerani kabokosiko pa extension ya fomu ya CustTable, kenako lembani class yonga iyi:

```
[ExtensionOf(formStr(CustTable))]
final class CustTableMadepoti_Extension
{
    public SysLookupMultiSelectCtrl madepotiCtrl;

    public void init()
    {
        next init();

        Query q = new Query();
        QueryBuildDataSource ds = q.addDataSource(tableNum(InventLocation));
        ds.fields().dynamic(false);
        ds.fields().clearFieldList();
        ds.fields().addField(fieldNum(InventLocation, InventLocationId));
        ds.fields().addField(fieldNum(InventLocation, Name));

        madepotiCtrl = SysLookupMultiSelectCtrl::constructWithQuery(
            this,
            this.design().controlName('Madepoti') as FormStringControl,
            q,
            false,
            [tableNum(InventLocation), fieldNum(InventLocation, InventLocationId)]);
    }
}
```

Onetsetsani kuti zonse zikubwera pambuyo pa `next init()`, chifukwa fomu isanamangidwe kabokosiko kulibe. Mizere ya `dynamic` ndi `clearFieldList` ija musaidumphe. Mukaidumpha, lookup idzatulutsa field iliyonse ya InventLocation (tebulo la madepoti), zomwe ndi zambirimbiri, ndipo wogwiritsa ntchito adzangoona chinsalu cha manambala osadziwa pogwira. Chinanso, musalembe lookup yanuyanu pa kabokosi komweko. Class ija imadzilembetsa yokha pa lookup ndi pa modified kudzera mu registerOverrideMethod, ndiye inu mukalembetsanso, fomu idzakana kutseguka n'kukuuzani kuti method imodzi yalembetsedwa kawiri.

Munthu akasankha, m'kabokosimo mumaoneka manambala a madepoti olekanitsidwa ndi chizindikiro cha `;`, ndendende ngati mmene munalembera m'funso lanu. Koma class ija imasunganso chinthu china chosaoneka, chomwe ndi ma RecId a mizere yosankhidwayo, nambala zam'kati zomwe Dynamics imapatsa mzere uliwonse wa tebulo. Mukaitana `get()` mumalandira container ya ma RecId. Mukaitana `getSelectedFieldValues()` mumalandira manambala ooneka aja. Ndipo pofuna kubwezeretsa zimene zinasankhidwa kale, `set()` imafuna zonse ziwiri pamodzi, container ya ma RecId ndi container ya manambala. Ambiri amangolemba malembawo m'kabokosi ndi `text()`, n'kudabwa kuti akatsegula lookup palibe mzere wochongedwa. Chifukwa chake n'chakuti kuchongako kumatsata RecId osati malemba.

Kabokosi kathera pamenepo. Tsopano field ija.

Ndikumvetsa chifukwa chake munaiganiza. Pa fomu pakuoneka "LL01;BT02;MZ01", ndiye mtima umati ndingosunga zomwezi basi, ntchito yatha. Tsiku loyamba zimayenda bwinobwino, abwana amaomba m'manja. Koma ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo nyererezo zimatuluka pakapita miyezi, inu mutaiwala kale code imeneyo.

Yoyamba kutuluka ndi funso lomwe abwana omwewo adzafunse posachedwa: ndi makasitomala ati amene amatenga katundu ku depoti ya BT02? Ndi malemba olumikizana aja, njira yokha ndi kufufuza ndi nyenyezi mbali zonse, `*BT02*`. SQL Server singagwiritse bwino index pa kufufuza koyamba ndi nyenyezi, ndiye imawerenga tebulo lonse la makasitomala. Kuchedwako mwina mungakupirire. Chopweteka ndi chakuti tsiku lomwe kampani idzatsegule depoti ya BT020 kapena BT02A, makasitomala ake onse adzalowa m'lipoti la BT02, ndipo palibe uthenga wa cholakwika umene udzatuluke. Lipoti lidzangonama mwakachetechete.

Tiwerengenso kutalika. InventLocationId imalola zilembo mpaka 10. Madepoti asanu a zilembo 10 ndi zizindikiro zinayi zolekanitsa ndi zilembo 54. Asanu ndi imodzi ndi 65. Field yanu ndi ya 60, ndipo X++, chinenero cholembera code ya Dynamics, ikalandira malemba otalika kuposa field siidandaula, imangodula mchira. Depoti yachisanu ndi chimodzi idzasungidwa theka, nambala yomwe kulibe kwina kulikonse. Mungati ndiikulitsa kufika 250, kapena ndiisandutsa memo. Mwangokankhira vutolo kutsogolo, ndipo memo ndiye simungaikepo index n'komwe.

Chachikulu kuposa zonsezi ndi chakuti database siidziwa kuti m'malemba aja muli madepoti. Kwa iyo ndi mawu wamba, chimodzimodzi ndi dzina la msewu. Dynamics ili ndi njira yosinthira nambala ya chinthu, renamePrimaryKey, yomwe imatsata ma relation n'kusintha nambalayo m'matebulo onse okhudzidwa. Field yanu ilibe relation, ndiye idzatsala ndi nambala yakale. Wina akafufuta depoti, palibe chomuletsa kapena chomuchenjeza kuti makasitomala ena akudalirabe depotiyo. Ndinakumanapo ndi zotere pa kampani ina yomwe sindiitchula. Anasintha manambala a madepoti kumayambiriro a chaka cha ndalama, ndipo Lolemba lotsatira ma oda a makasitomala akuluakulu anayamba kukanidwa, magalimoto ali pa mzere kudikira katundu. Tinatha m'mawa wonse tikufufuza m'ma security role, osadziwa kuti vuto labisala m'field imodzi ya malemba yomwe wina anawonjezera zaka za m'mbuyo.

Palinso kamsampha kena kakang'ono. Pomasula malembawo mudzagwiritsa ntchito `str2con`, ndipo `str2con` mukaisiya mmene ilili imasandutsa chidutswa chilichonse chooneka ngati nambala kukhala nambala yeniyeni. Depoti yotchedwa "001" imatuluka ili 1, ndipo 1 simungaipeze mu InventLocation. Mankhwala ake ndi kuika `false` pa parameter yachitatu, koma muyenera kukumbukira paliponse pomwe mukumasula, inu ndi onse odzabwera pambuyo panu, kuphatikizapo wa Power BI amene adzavutike kudula malembawo ndi njira zakezake. Nkhaniyi si yatsopano. Edgar Codd wa ku IBM, amene anayala maziko a ma database a matebulo mu 1970, anali atanena kale kuti malo amodzi m'tebulo azisunga chinthu chimodzi.

Choyenera kuchita ndi kupanga tebulo laling'ono lapakati. Litcheni dzina lililonse logwirizana ndi malamulo a kampani yanu, ine ndingolitcha CustAllowedLocation. Likhale ndi ma field awiri okha, CustAccount ndi InventLocationId, mzere umodzi pa kasitomala mmodzi ndi depoti imodzi. Kasitomala wa madepoti atatu akhala ndi mizere itatu. Ikani index yokana kubwereza pa ma field awiriwo pamodzi, kuti depoti isalowe kawiri kwa munthu mmodzi, ndi index ina yoyamba ndi InventLocationId yoyankhira funso la abwana lija. Kenako ma relation awiri. Wopita ku CustTable ukhale Cascade pofufuta, kuti kasitomala akachotsedwa mizere yake ipite naye. Wopita ku InventLocation ukhale Restricted, kuti depoti isafufutidwe pali wina woidalira. SaveDataPerCompany isiyeni pa Yes, poti CustTable ndi InventLocation onse amasunga zinthu kampani ndi kampani.

Mwina mufunsa kuti bwanji osasunga ma RecId, poti `get()` ikutipatsa kale. M'matebulo ena RecId ndiyo kiyi yoyenera. Koma pa awiriwa kiyi yodziwika ndi AccountNum ndi InventLocationId, ndipo RecId ya depoti ya Mzuzu pa makina oyesera siingafanane ndi ya pa makina enieni ngati zinthuzo zinalowetsedwa padera. Tsiku lomwe mudzasamutse mndandandawu kudzera mu Data management, gawo la Dynamics lolowetsera ndi kutulutsira zinthu, mudzathokoza kuti munasunga manambala omwe munthu angathe kuwerenga. Ndipo data entity ya tebuloli, khomo lolowetsera ndi kutulutsira zinthu m'tebulo osadutsa pa fomu, ipangeni lero lomwe. Ngati makasitomala ndi mazanamazana, palibe kalaliki amene angakondwere kutsegula mmodzimmodzi n'kumachonga. Adzafuna kulowetsa kuchokera mu Excel.

Kabokosi kaja tsopano kasanduka zenera chabe loonera ndi kusinthira tebulo lapakatili, ndiye pafunika mbali ziwiri, kuwerenga ndi kulemba. Kuwerenga kuchitike nthawi iliyonse munthu akasamukira kwa kasitomala wina, kutanthauza pa `active` ya data source ya CustTable. Pamenepo sankhani mizere ya kasitomalayo molumikiza ndi InventLocation, dzazani ma container awiri aja, n'kuitana `set()`. Musaiwale kasitomala wopanda depoti: kabokosiko kayeretsedwe, apo ayi kadzaonetsabe madepoti a kasitomala amene munali naye poyamba, ndipo wina akadina Save madepotiwo adzamatirira kwa munthu wolakwika.

Kulemba ndiko kumapunthwitsa anthu. Kabokosiko sikomangirizidwa ku tebulo, ndiye munthu akasintha madepoti okha osakhudza china chilichonse, fomu imaganiza kuti palibe chasintha ndipo siisunga. Mu event handler ya Modified ya kabokosiko itanani `forceWrite(true)` pa data source, kuti fomu idziwe kuti pali choti ilembe. Kulemba kwenikweniko kuchitike kasitomala atasungidwa kale, pa OnWritten, chifukwa kwa kasitomala watsopano mizere ya ana siyenera kubadwa kholo lisanalowe m'tebulo. Njira yachidule ndi kutsegula `ttsbegin`, kufufuta mizere yonse ya kasitomalayo ndi `delete_from`, kulemba yatsopano, n'kutseka ndi `ttscommit`. Imagwira ntchito. Koma ngati a audit amafuna kudziwa amene anapereka chilolezo cha depoti inayake ndi tsiku lake, njirayi imafafaniza mbiri nthawi iliyonse wina akasunga. Zikatero ikani zakale mu Set imodzi, zatsopano mu ina, ndipo `Set::difference` ikuuzani zoti muchotse ndi zoti muwonjezere, zina zonse zisakhudzidwe. Ine ndimakonda yachiwiriyi ngakhale asanandipemphe, chifukwa chilolezo chotengera katundu ndi nkhani ya ndalama, ndipo pa nkhani ya ndalama tsiku lina wina adzafunsa ndithu.

Pali funso limodzi lomwe si la code, ndipo muyenera kubwerera nalo kwa abwana musanalembe china: kabokosi kopanda kanthu kakutanthauza chiyani? Kasitomala amene sanasankhiridwe depoti iliyonse amaloledwa kulikonse, kapena saloledwa kulikonse? Mayankho onse awiri ndi omveka, koma tsiku loyamba makasitomala anu onse adzakhala opanda mzere m'tebulo latsopanoli. Mukasankha kuti kupanda kanthu ndi kuletsedwa, malonda onse aima kufikira mndandanda utalowetsedwa. Mukasankha kuti ndi kuloledwa konse, kasitomala watsopano amene kalaliki waiwala kumuchongera adzatenga katundu kulikonse. Musaganizire nokha. Afunseni, ndipo yankho lawo likhale lolembedwa.

Dziwaninso kuti kusunga mndandandawu sikuletsa kanthu pakokha. Lamulo lenileni liyenera kukhala pomwe oda ikusungidwa. Pa mzere wa oda depoti siikhala mu SalesLine (tebulo la mizere ya oda) mwachindunji, imakhala mu InventDim, yomwe mumaipeza kudzera mu InventDimId. Wonjezerani pa `validateWrite` ya tebulo la SalesLine kuti ione ngati kasitomala ndi depotiyo ali mu CustAllowedLocation. Ndikuti pa tebulo, osati pa fomu, chifukwa ma oda salowera pa fomu pokha. Ena amabwera kudzera mu data entity, mu Excel kapena kuchokera ku mapulogalamu ena. Kuchepetsa lookup ya depoti pa fomu ya oda ndi `exists join` n'kwabwino pothandiza wogulitsa kuti asasankhe molakwika, koma munthu angathe kungolemba nambalayo ndi manja osatsegula lookup n'komwe.

Sindikunena kuti mndandanda wopanda tebulo ndi woipa paliponse. Pa dialog ya lipoti kapena ya batch, pomwe munthu akusankha madepoti oti aone lero lokha, tebulo lapakati silifunika. Pamenepo mu data contract mumaika List yokhala ndi AifCollectionTypeAttribute yonena kuti m'katimo muli malemba, class ya UI builder imamanga kabokosi komweka dialog itatseguka, ndipo zosankhidwazo zimapita ku query. Depoti iliyonse ipatseni range yakeyake pa field yomweyo, Dynamics imazilumikiza yokha ndi OR, ndipo nambala iliyonse idutse mu `queryValue()` kuti zizindikiro monga nyenyezi kapena madontho awiri zisatengedwe ngati malamulo ofufuzira. Pano kupanda range kumatanthauza zonse, ndiye funso la kabokosi kopanda kanthu lija labweranso. Ndi madepoti ochepa palibe chodetsa nkhawa. Koma wina akadzatengera njira yomweyi pa katundu kapena makasitomala n'kuchonga masauzande, akumbukire kuti SQL Server imalola ma parameter 2100 okha pa pempho limodzi. Zikafika pamenepo zosankhidwazo zilowe m'tebulo la TempDB n'kulumikizidwa ndi join.

Kanthu kena koti musunge m'mutu: ngati tsiku lina query yanu idzachokere pa view m'malo mwa tebulo, yang'anani kaye ngati RecId ya view imeneyo siikubwerezabwereza. Popeza kuchonga kumatsata RecId, mizere iwiri ya RecId yofanana imasokoneza class ija, munthu amachonga umodzi n'kupeza kuti wabwera wina.

Funso lomaliza loti mudzifunse ndi lakuti kodi kabokosi kameneka ndiko koyeneradi ntchitoyi. Kamakoma pomwe zosankha ndi zochepa ndipo chofunika ndi inde kapena ayi basi. Madepoti akachuluka, malemba aja amasefukira m'kabokosi, munthu saonanso zonse zimene anasankha. Ndipo abwana ambiri akaona kuti zatheka amabweranso: tikufuna depoti yoyamba kuganiziridwa, tikufuna chilolezo chizitha pa tsiku lakuti, tikufuna malire a katundu pa depoti iliyonse. Zoterezi kabokosi sikangazinyamule. Pamafunika grid wamba pa FastTab yakeyake, kapena mindandanda iwiri yosamutsirana zinthu ija ya SysListPanelRelationTable. Ubwino wake, mukakhala ndi tebulo lapakati kusinthako ndi kwa pa fomu pokha. Mumangowonjezera field, zosungidwa kale sizisuntha. Anzathu a Odoo ndi ERPNext, mapulogalamu ena oyendetsera bizinesi onga Dynamics, nkhaniyi inawathera kale. Mu Odoo mukalemba field ya Many2many, pulogalamuyo imadzipangira yokha tebulo lapakati mu PostgreSQL, ndipo widget ya many2many_tags imangoonetsa zosankhidwazo. Mu ERPNext field ya Table MultiSelect siimangika popanda tebulo la ana lokhala ndi field ya Link. Dynamics imakupatsani kabokosi kokha n'kukusiyirani ufulu wosunga mmene mukufunira, ndipo ufulu umenewo ndi umene wakufikitsani pa zilembo 60 zija.

Ngati field ija siinafike pa makina enieni, ingoichotsani lero. Ngati inafika ndipo anthu ayamba kulembamo, musathamangire kuifufuta, chifukwa database ikagwirizanitsidwa field yochotsedwa imapita ndi zonse zili m'katimo. Yambani mwatumiza tebulo latsopano limodzi ndi runnable class yodutsa makasitomala onse m'kampani iliyonse, yomasula malembawo ndi `str2con` ya `false` ija, yodula mipata ya m'mbali, ndi yoona ngati nambala iliyonse ilipodi mu InventLocation. Zopezeka zilowe m'tebulo. Zosapezeka zisatayidwe mwakachetechete, zilembedwe pa mndandanda wokhala ndi nambala ya kasitomala, muupereke kwa a zamalonda kuti anene okha depoti imene inkatanthauzidwa. Iyeseni kaye pa kope la database yeniyeni, muwerenge mizere yolowa ndi yokanidwa, ndipo field yakaleyo muibise pa fomu n'kuisiya mwezi umodzi kapena iwiri musanaichotse mu package yotsatira.